Pamene Kwaya Imakhala Chete

Pulogalamu yolembera nyimbo ija inakananso. Tamandani anadina batani, laputopu ya mpingo inalirima ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, kenako m'munsi mwa sikirini munatuluka mzere wa Chingerezi umene anali atatopa kuuwerenga. Unkanena zomwezo: pakati pa nyimbo pali khola lomwe silikukwana.

"Yakukananso?" anafunsa mayi Judith, mlembi wa mpingo, maso ali pa nsalu ya paguwa yomwe ankasoka. "A Fomu Folo, mkazi akakana chonchi anzanu amangotola chipewa n'kumapita."

"Ivomera, ama."

"Dzulo unateronso."

Pulogalamuyo anamuonetsa ndi mphunzitsi wa kompyuta kusekondale, asanasamutsidwe. Sumajambula kanthu ndi dzanja. Umangolemba zilembo ndi manambala, c ndi 4, g ndi 8, r pomwe pali kupuma, ndipo iyo imasandutsa zonsezo kukhala timitu takuda tokhala pa mizere isanu, taukhondo ngati ta m'buku logula. Mphunzitsiyo ankati mizere yoimirira ija ndi mipanda, ndipo pakati pa mipanda iwiri ndi khola. Nyimbo ikakhala ya mabiti anayi, yogunda kanayi, m'khola lililonse mulowe mbuzi zinayi basi. Ukalowetsa yachisanu, pulogalamu imakuwa.

Inali ikukuwa kuyambira Loweruka. Tsikuli linali Lachiwiri, ndipo Lachinayi m'mawa Idah ankanyamuka ulendo wa ku Joni.

Idah anali mwana wa ada Longwe (Atonga bambo amati ada), amene anatsogolera kwaya ya pa tchalitchipo kuyambira Tamandani asanabadwe. Sitiroko inawapeza mu Meyi akuchokera kumunda, inatenga dzanja lamanja ndi mawu onse. Tsopano ankangokhala pakhonde pa mpando wa nsungwi, pakamwa patapotokera mbali imodzi, ndipo azakhali ake a Idah anamupezera ntchito ya m'nyumba kumene iwo ankakhala, kuti pakhomo pasagone njala. Nyimbo zambiri za ada Longwe zinali m'makope, zolembedwa m'solofa ya do re mi imene anaphunzira ku Bandawe ali mnyamata. Imodzi yokha sanailembe. Imeneyo ankaiphunzitsa ndi pakamwa, ndipo pakamwapo tsopano panali patatsekeka.

"Kumpingo kwa azakhali woimba kiyibodi ndi wa ku Congo," Idah anamuuza tsiku lina akutuluka ku pulakatisi. "Solofa saidziwa, amawerenga za pamizerezo. Iwe paja uli ndi matsenga ako a pakompyuta. Undilembere nyimbo ya ada ija, ndizikaimva kumeneko."

"Masiku awiri basi," anayankha Tamandani.

"Iwe wa ku Thyolo, chilichonse masiku awiri."

Sanali wa ku Thyolo kwenikweni. Makolo ake ndiwo anachokera kumeneko kudzagwira ntchito pa esiteti ya mphira. Bambo ake ankacheka makungwa a mitengo m'mamawa n'kumatolera utomoni woyera m'ndowa, ndipo iye anakulira m'nyumba za antchito, zovala zikununkha mphira wosasa. Chitonga chake chinali chokhotakhota, ana a kumudzi ankamuseka nacho. Analowa kwaya ali Fomu Fili. Ada Longwe anamumvetsera akuimba mzere umodzi, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamulozera kumapeto kwa mzere wa besi, pafupi ndi windo, pomwe panali mpata.

Ndi pamenepo zonse zinayambira. M'nyimbo yosalembedwa ija muli mawu a Chitonga onena kuti mafunde akakula, Ambuye, muitane dzina langa. Ikafika pa dzina langa, kwaya yonse imakhala chete. Si nthawi yaitali, ndi kamphindi kongokwana kuphethira. Kenako onse amalowa pamodzi: ndidzafika kwanu. Ndipo m'kamphindi kameneko Idah, ali kutsogolo pakati pa asopulano, ankatembenuza mutu n'kuyang'ana kumapeto kwa mzere wa besi, pawindo. Sanaphonyepo. Pa pulakatisi, pa mapemphero a Lamulungu, pa maliro, kaya kukutentha kaya ali ndi chimfine, maso ake ankabwera, onyowa pang'ono, n'kukhala pa iye mpaka nyimbo itayambanso.

Pa maso amenewo Tamandani anamangapo zambiri. Anamangapo nyumba ya malata ku Mzuzu, ya makatani obiriwira. Anamangapo piyano yeniyeni, ndi mwana wamkazi wa mpata m'mano ngati mayi ake. Mayeso a Fomu Folo analemba akuwaganizira, ndipo tsopano, akudikira zotsatira popanda chochita, ankawaganizira kuyambira kudzuka. Kunja kwa nyimboyo Idah ankamutenga ngati wina aliyense, kumutuma kukatenga mabenchi, kumuseka nsapato. Iye ankati ndi manyazi, mwana wa mkulu wa mpingo sangaonetsere poyera. Mawu anali atakonza kale. Adzamupatsa pepala lokongola la nyimbo ya bambo ake, ndipo Idah akadali kudabwa adzamuuza kuti: undidikire, ndikutsatira, kapena ukabwerera undipeza. Zonse zinkadikira pepalalo, ndipo pepalalo linkadikira khola limodzi.

Mavuto ena anali atawagonjetsa. Loweruka anaiwala kutseka kabulaketi kumapeto, pulogalamu inamubwezera tsamba lopanda kanthu, iye n'kuganiza kuti zonse zafufutika. Lolemba anasiya kachizindikiro kamodzi kotsitsa mawu, besi inakwera, inapitirira tena, inapitirira sopulano, mpaka inakapachikika pamwamba pa tsamba pa timakwerero tosawerengeka. Mayi Judith atasuzumira anati, "Abesi anuwa alowa kumwamba asanamwalire?" Kenako mawu a nyimbo anaterereka, Ambuye anakagwera pansi pa notsi ya mafunde. Zonsezo anazipeza, chimodzichimodzi, maso akuyabwa. Linatsala ili lokha.

Anayesa njira imene mphunzitsi uja anamuonetsa, yotseka mawu ena onse n'kusiya amodzi. Anasiya sopulano yokha, inakuwa. Aluto yokha, inakuwa. Tena ndi besi chimodzimodzi, pa khola lomwelomwelo. Ndiye sichinali chala choterereka. Anavala mahedifoni, anatsegula zomwe anajambula pafoni tsiku la pulakatisi, n'kumagogoda patebulo. Anayi. Anayi. Anayi. Pa dzina langa, asanu. Mbuzi yachisanu inali kachetechete kaja. Iye mwini anali atakalemba monga anakamvera, r ndi 4, m'mizere yonse inayi, ndipo chifukwa cha iko mipanda yonse yotsatira inasuntha, nyimbo kuchokera pamenepo inkatsimphina mpaka kumapeto.

Anagula kabandulo ka pafoni, analowa pa tsamba pomwe anthu ogwiritsa ntchito pulogalamuyo amafunsana, analemba funso m'Chingerezi chake cha mayeso. Dzuwa lisanapendeke munthu wina wa kutali, wa chithunzi cha mphaka, anayankha. Anati werenganso bwino. Makwaya osaphunzira amakoka akamapuma mpweya, ndipo mpweya si biti, sulembedwa.

Tamandani anaganiza za amayi a aluto, ena a zifuwa zolira ngati chitseko. Zinamveka zoona. Komabe chala chake chinaima pamwamba pa batani lofufutira. Kachetechete kameneko kanali kawo, ka iye ndi Idah.

Ndiye m'maganizo mwake munabwera chithunzi china. Anaona tchalitchi cha ku Joni, kwaya ya anyamata a majekete achikopa, nyimbo ikufika pa dzina langa, onse chete, ndipo Idah, mwa chizolowezi, akutembenuka kuyang'ana kumapeto kwa besi. Pamenepo pataima wina.

Anafufuta. M'mizere yonse inayi, r ndi 4. Mayi Judith anali atatuluka kukathamangitsa mbuzi zenizeni m'maluwa a pakhomo la tchalitchi. Tamandani atadina batani, laputopu inalirima, ndipo m'munsi simunatuluke kanthu. Tsamba linabwera loyera, mipanda yoongoka, makola onse ofanana ngati mizere ya mitengo ya pa esiteti. Anadumpha pampando n'kufuula yekha m'ofesimo.

Lachitatu kunacha ndi mwera. Mphepo inkachokera kunyanja ndi kamvula kosanyowetsa kwambiri koma kozizira mpaka m'mafupa, ndipo asodzi anali atakokera mabwato kumtunda. Bambo ake akunola kampeni kawo kochekera anamuuza kuti pa esiteti akulemba aganyu, apite akaime pamzere.

"Ine ndikupita ku Joni, bambo."

"Ndi pasipoti iti?" anafunsa mayi ake ali kukhitchini. "Ya kwaya?"

Anthu amene sanayang'anidwepo ndi maso otero ungawafotokozere chiyani? Anasita malaya ake oyera a kusukulu, anatsuka nsapato zija. Mayi Judith anamulola kutenga laputopu ataikulunga m'chitenje chawo. "Ikanyowa ukalongosole wekha kwa abusa. Ine sindikukudziwa."

Anapeza Idah pakhonde akulongedza m'chikwama chachikulu cha mizeremizere: ufa wa kondowole wa azakhali, usipa wouma m'mapepala, juzi, Baibulo. Ada Longwe anali pa mpando wawo, bulangete m'miyendo. Tamandani anagwada, anagwira dzanja lawo lamanzere ndi manja awiri.

"Yewo, ada. Ndabweretsa nyimbo yanu."

"Masiku awiri aja akwana lero?" anatero Idah, akumanga thumba la ufa ndi mano.

"Uone kaye."

Anaweramira sikirini, ndipo fungo la sopo wake linamufika Tamandani. "Eee! Zonsezi ndi ada?" Anayendetsa chala pamwamba pa tsamba. "Ada, taonani dzina lanu, Harrison Longwe, ngati m'buku la nyimbo lenileni!"

"Ndipo imaimba yokha," anatero Tamandani.

Pulogalamuyo imathanso kuimba zomwe walemba, ndi kapiyano kowonda ngati ka pawailesi yotha mabatire. Nyimbo itayamba, dzanja lamanzere la ada Longwe linadzuka pa bulangete. Linayamba kugunda pa mkono wa mpando, pang'onopang'ono, kenako molimba. Diso lawo limodzi linawala. Idah anasiya chikwama, anayamba kung'ung'udza sopulano. Tamandani sankayang'ana sikirini, ankayang'ana khosi la Idah, mawu ake aja atafola kale pa lilime.

Mafunde akakula, Ambuye, muitane dzina langa.

Dzanja la ada Longwe linakwera m'mwamba n'kuima, chikhatho chotambasula, monga ankachitira pamaso pa kwaya. Koma kapiyano sikanaime. Kanadutsa pansi pa dzanjalo n'kumapitirira, ndidzafika kwanu, ngati minibasi yosaona munthu woimika. Dzanja linatsala m'mwamba lokha. Kenako m'khosi mwa mkuluyo munatuluka kulira kumene Tamandani anali asanamvepo kwa munthu, ngati kwa ng'ombe yomangidwa chingwe chachifupi, ndipo dzanjalo linagwa n'kumenya mpando, kumenyanso, mpaka bulangete linatsetserekera pansi.

"Zimitsa!" anakuwa Idah. Anagwada, anawagwira mapewa, akuwalankhula m'Chitonga motsitsa mpaka anakhazikika. Atatembenuka, nkhope yake inali ina. "Wachotsa chiyani?"

"Palibe. Kampata kaja basi. Ona, khola lililonse limafuna mabiti anayi, pamenepo panali asanu, ndiye pulogalamu imakana. Ndi popumira mpweya chabe. Wa kiyibodiyo akapuma yekha akafuna."

"Popumira mpweya."

"Ndinafunsa ndi akatswiri omwe."

"Akatswiri a kuti? Anafikako kuno? Anawadziwa achimwene, a Stanley?"

Dzinalo analitchula monong'ona, atatembenukira kumbali kuti bambo ake asamve. Tamandani anali atamvapo kuti Idah anali ndi mchimwene amene anapita ndi nyanja iye asanalowe kwaya. Kuno mabanja ambiri ali ndi wina amene anapita ndi nyanja. Sanafunsepo zambiri.

Idah anamukokera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala loyanikapo chinangwa. Kamvula kankamugwera Idah m'tsitsi, iye osakapukuta.

"Nyimbo imeneyo ada anapangira achimwene. Kwaya ikati muitane dzina langa, iwo ankayankha okha, besi, liwu limodzi la pansi penipeni. Anthu m'tchalitchi ankachita kudikira pamenepo. Anapita kukapha usipa mwera uli chonchi, bwato linakapezeka ku Usisya lopanda munthu. Tinafuna mpaka tinatopa. Achibale anati tikwirire bokosi la zovala zawo, ada anakana. Anati sindingalire pa dothi lomwe mulibe mwana wanga. Pulakatisi yotsatira anakweza dzanja pamalo paja, palibe anaimba, ndipo zinakhala choncho mpaka lero. Achimwene alibe manda, Tama. Manda awo ndi pamenepo. Ndiye iwe wabwera ndi kachala kako, wawamiza kachiwiri."

"Sindimadziwa."

"Zaka ziwiri ukuimba nafe."

"Palibe anandiuza."

"Aliyense amadziwa, ndiye akuuze ndani? Pamaso pa ada dzinalo sititchula."

Mphepo inagwetsa chidutswa cha chinangwa pathandala. Tamandani anamva funso likubwera lokha. Anafuna kulimeza, linakana.

"Ndiye pa nthawi ija, ukamatembenuka..."

"Ndimayang'ana pamalo pawo. Pawindo paja ndi pomwe ankaima." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anamuyang'anitsitsa, malaya ositawo, nsapato zotsukazo, ndipo Tamandani anaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono. Mkwiyo unachoka. Chimene chinabwera pamalo pake chinali chowawa kuposa mkwiyo. "Aa, Tama," anatero Idah. "Iwe umati... Aa, mwanawe."

Bola akanamumenya mbama.

Anabwerera pakhonde kukatenga laputopu. Anagwadanso. "Pepani, ada. Ndikakonza." Ada Longwe anamugwira pamkono ndi dzanja lamanzere lija, lozizira koma lamphamvu. Anagogoda ndi chala pa mtsempha wake, kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Kachisanu sanagogode. Anangofinya, osasiya, akumuyang'ana ndi diso lija, kapena akuyang'ana wina amene anaima pomwe iye anali. Tamandani sanathenso kusiyanitsa.

Anabwerera ku ofesi ya mpingo akuthamanga, laputopu pachifuwa. Mayi Judith anali atagwira kale makiyi. Anamuyang'ana nkhope, anakhalanso pansi, anatulutsa nsalu ija ngakhale inali itatha kusokedwa. Sanamutche a Fomu Folo.

Anabwezera r ndi 4 m'mizere yonse inayi. Pulogalamu inakuwa. Ulendo uno sanafunse munthu wa mphaka. Anatsegula buku la malangizo la pulogalamuyo, lomwe linali m'laputopu momwemo masiku onsewa, lalitali ngati msewu wa ku Lilongwe, limene ankalidumpha chifukwa chothamanga. Anawerenga mpaka m'maso munalowa mchenga. Anapeza kuti mpanda umatheka kuusuntha. Umangoiuza pulogalamu kuti khola ili lokha ndi la asanu, lotsatira libwerere pa anayi. Timizere tiwiri tatifupi. Koyamba anaiwala kachiwiriko, makola onse mpaka kumapeto anakula, mawu a nyimbo anatererekanso. Anakonza. Anadina.

M'munsi simunatuluke kanthu. Patsamba, pakati pa makola ofanana aja, panali limodzi lotambalala pang'ono, ndipo kumapeto kwake, m'mizere yonse inayi, panali kachizindikiro kakuda kokhotakhota, ngati mbalame ikaonekera patali. Anaiuza iimbe. Kapiyano kanafika pa dzina langa n'kuima. M'ofesimo munangomveka malata akulira ndi mphepo. Mayi Judith anaimitsa singano. Kenako nyimbo inapitirira.

"Eya," anatero mayi Judith. "Tiye titseke, kwazizira."

Lachinayi anakwera njinga ya bambo ake kupita ku Chintheche, fulashi yosunga nyimboyo m'thumba la malaya. Mitengo ya mphira inali itayoyola masamba, m'mbali mwa msewu munali mofiira ndi monyowa. Pashopu yopulinta ya Prisca anadikira kuti atsegule, kenako anadikira kuti makina atenthe, kenako pepala loyamba linatuluka lotuwa, manotsi ngati utsi. Prisca anasolola katiriji ya inki, anaikhutchumula ngati botolo la thobwa, anaibwezera.

"Kalata yachikondi yolemba m'timadontho?" anafunsa akumupatsa lachiwiri. "Anyamata a masiku ano."

"Ndi nyimbo ya mpingo."

"Onse amatero."

Minibasi ya ku Lilongwe inaima pasiteji kudzaza anthu. Idah anali atakwerera kumudzi, anakhala kumpando wakumbuyo, chikwama chija pamiyendo mpaka pachibwano. Anakankha galasi movutikira. Kondakitala ankakuwa Nkhotakota, Salima, ndipo amayi ogulitsa nthochi ankakankhana pansi pa mawindo.

"Ndakonza," anatero Tamandani. Pepala anali ataliika m'kapulasitiki ka shuga kuti lisanyowe.

Idah analisolola, analiyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Za pamizere sankadziwa kuwerenga. "Ali pati?"

Tamandani analowetsa dzanja pawindo, analoza pa mzere wa besi, pa kambalame kaja. "Apa. Ukamuuze wa kiyibodi asadumphe. Awerenge mpaka kasanu."

Idah anaika chala pamenepo. Ndipo Tamandani anaona maso aja, omwewo, onyowa pang'ono, amene anamangapo nyumba ya makatani obiriwira. Anali pa pepala. Anakhala pomwepo nthawi yonse imene kondakitala ankakangana ndi bambo wina za malo a thumba la makala.

Mawu aja anali akadali pa lilime. Undidikire, ndikutsatira. Anawayesa chamumtima, anamveka ngati a munthu wina, wa kalasi yotsika.

"Yewo, Tama," anatero Idah, akupinda pepala mosamala kuti mzere wopindawo usadutse pa kambalame. "Uziwazonda ada. Ndipo pawindo paja usachokepo, wamva? Mpatawo unakhala nthawi yaitali, abesi onse ankauopa. Ada anakuikapo okha."

"Ndamva."

"Zotsatira zikatuluka undiuze. Ukalephera usabise, ndidzamvabe. Kwathu kuno nkhani siigona."

"Uyende bwino."

Chitseko anachimenya kawiri chisanagwire. Minibasi inatsokomola utsi n'kulowa mumsewu. Anaithamangitsa ndi maso mpaka pokhota. Idah sanacheuke, mutu unali woweramira pamiyendo.

Loweruka pa pulakatisi ankatsogolera ndi mmodzi wa atena, mnyamata wokonda kuponyaponya manja. Tamandani anafika mochedwa dala, koma malo ake anali akumudikira, palibe anasendera. Anayang'ana kutsogolo. Asopulano anali atadzaza kale mzere wawo. Pomwe pankaima Idah panali mtsikana wa Fomu Wani wa mawu akuthwa, ndipo sipankaoneka kuti pachoka munthu. Wopita ku Joni samusiyira biti.

Anaimba ina, anaimba ina, kenako anafika pa ija. Mafunde akakula, Ambuye, muitane dzina langa. Dzanja la mnyamata uja linakwera, onse chete. Palibe anatembenuka. Pawindo pankalowa mphepo yozizira, inamukhudza pakhosi ndi paphewa, mbali imene kunalibe munthu. Anazindikira kuti wasendera pang'ono kwa anzake, wasiya kampata pakati pa iye ndi windo. Kwaya inalowa, ndidzafika kwanu, ndipo iye analowa mochedwa.